Phale la Mwaye ndi Dimba la Nangozo

Kalekale, mphwanga, ndalama zachitsulo zisanafike kuno, panali mudzi wa anthu otopa ndi milandu. Ulesi, ndikuuze! Kufunsa mboni ankati n'kutaya nthawi. Ndiye anatola phale, n'kulinola mpaka linakhala lozungulira bwinobwino. Mbali ina anaipaka mwaye, ina anaisiya yofiira. Anthu awiri akakangana, aliyense ankasankha mbali. Phale m'mwamba. Likagwa, mlandu watha.

Wosunga phalelo anali mkulu wina, dzina lake Chikalema. Ndisamunamizire, sankabera munthu. Phale lija linalibe mbale, linalibe mdani. Lero kwakuda, mawa kofiira.

M'mudzimo munali Kaphwiti, mwamuna wa ng'ombe zisanu ndi maso osakhuta. Tsiku lina analoza nkhuku ya mnzake.

"Iyi ndi yanga."

"Yako bwanji?"

"Tiponye phale."

Phale m'mwamba. Kaphwiti wagonja. Anangosasa fumbi, n'kumapita akuimba likhweru. Nanga wataya chiyani? Nkhukuyo sinali yake.

M'mawa mwake analoza khasu la wina. Phale m'mwamba. Khasu lapita kwa Kaphwiti.

Lero mtondo, mawa mphasa, mkuja mbuzi. Akaloza zinthu khumi, zisanu zinkalowa m'nyumba mwake. Anthu n'kumati, "Koma bamboyu ali ndi mwayi!" Mwayi wa chiyani? Kuba kumeneko, kuba dzuwa likuswa mtengo!

Kunagwa chilala. Minda inapsa. Panali mayi wamasiye, Nangozo, wa ana atatu. Chimene chinkasunga anawo chinali dimba limene anamusiyira mayi ake. Munali maungu, munali mpiru, munali kachitsime kosaphwa.

Kaphwiti analoza dimba lija. "Ili linali la malume anga."

Nangozo anathamangira kubwalo. "Akuluakulu, funsani aliyense pano. Ndani sanaone mayi anga akukumba chitsime chija?"

Chikalema anati, "Mayi, phale silikondera. Sankhani mbali."

"Ndisankhe mbali pa chinthu changa?"

"Sankhani, dzuwa likutiwotcha."

Anasankha kofiira. Phale m'mwamba. Linagwa kwakuda.

Bwalo lonse zii. Anthu amene ankadya maungu a mayiyu angoti ndwii, kuyang'ana zala zakuphazi. Palibe anatsegula pakamwa, ngakhale mmodzi. Ine zimenezi zimandiwiritsa mtima mpaka lero.

Nangozo anayamba kupemphetsa madeya pa mitondo ya eni. Mwana wake wamng'ono anatupa mapazi, tsitsi n'kuyamba kufiira.

Mayi uja analira, analira, misozi n'kutha. Tsiku lina anamanga nsalu m'chiuno, ulendo kubwalo.

"Ng'ombe yamawanga ili m'khola la Kaphwiti ndi yanga."

Kaphwiti anaseka chikhakhali. "Iwe unawetapo ng'ombe liti?"

"Tiponye phale."

Chikalema anakanda m'mutu. Koma akanakana bwanji? Phale m'mwamba. Nangozo wagonja. Anangosasa fumbi, n'kumapita.

M'mawa mwake, uyo wabweranso.

"Ng'ombe yakuda ija ndi yanga."

Phale m'mwamba. Ng'ombe yakuda yapita kwa Nangozo!

Eee, apo ndiye maso a anthu anatseguka. Tsiku lachitatu kubwalo kunali mzere. Mwini khasu uja, mwini mtondo uja, mwini mbuzi uja, onse ali chilili.

"Ng'ombe yamawanga ndi yanga."

"Nkhokwe yake ndi yanga."

"Denga la nyumba yake ndi langa."

Kaphwiti anagwada pakati pa bwalo, manja m'mwamba.

"Akuluakulu, si chilungamo ichi! Mudzi wonse ukudziwa kuti zinthuzi ndi zanga. Itanani mboni!"

Nangozo anamuyang'ana, n'kuyang'ananso Chikalema.

"Mboni? Kani m'mudzi muno mboni zilimo? Tsiku la dimba langa zinapita kuti?"

Chikalema anasowa poyang'ana. Anaika phale pansi, n'kufunsa khamu lija kuti dimba linali la yani. Onse pamodzi anati, "La mayi ake a Nangozo!"

Wamva? Funso limodzi basi. Chimanga chowotcha sichikanapsa n'komwe, mlandu unali utatha. Funso limeneli ndi limene anachita nalo ulesi anthu akuluakulu a ndevu zawo.

Dimba linabwezedwa. Nangozo naye anabweza ng'ombe yakuda, poti sinali yake. Koma atafika kudimba kuja anapeza ziputu zokhazokha. Kaphwiti ankadyetseramo ng'ombe. Maungu kulibe, mpiru kulibe, chitsime chagumuka.

Mayi uja anakumbanso, anadzalanso. Koma mwana wamng'ono uja sanathe kudikira. Anamuika m'manda mpiru usanafike pothyola.

Ndiye tamvera, mphwanga. Phale lija silinanamepo. Maere ndi abwino pamene nonse muli ofanana, monga alenje awiri amene alasa gwape mmodzi, palibe wodziwa muvi umene unapha. Pamenepo ponyani. Koma pamene mwini chinthu akudziwika, kuponya maere n'kupatsa wakuba theka la katundu wa mnzake, iye osaikapo kanthu. Ndipo amene amayang'ana ali chete, nawonso aba nawo.

Choncho kandalama kako ukufuna kuponyako bweza m'thumba. Pita ukafunse anthu amene anaona, miyendo uli nayo.

Ine nthano yanga ndaitula, yathera pomwepo.