Galimoto Imene Inakana Kulira

Panali munthu wina kumapiri a ku Ntcheu, a Kholowa, amene anapita ku Joni ali mnyamata n'kubwerako imvi zitayamba. Anzawo anabwera ndi mawailesi, masuti ndi njinga. Iwo anabwera ndi galimoto.

Inali yakuda, yotambalala, ya zitseko ziwiri zokha, mphuno yake yaitali kuposa bedi. Injini yake inali ya masilinda asanu ndi atatu. Ikalira, nkhuku zinkabalalika, makanda ankadzidzimuka, malata a nyumba ankanjenjemera. Anthu anaitcha Njati. Mafuta inkamwa ngati ikuwathira pansi, ndipo abale ankanena kumbali kuti munthu wamkulu akudyetsa chitsulo. Koma mayi wapakati akayamba kumva ululu, kapena mwana akalumidwa ndi njoka, onse ankathamangira kwa a Kholowa, ndipo Njati inkang'amba matope amene malole ankatitimiramo mpaka kukafika kuchipatala.

A Kholowa anali ndi mwana wamwamuna mmodzi, Maliseni. Sukulu anailekeza panjira, n'kupita kuchigwa kukadula nzimbe m'minda ya eni. Anakula akutsuka matayala a Njati. Pamene anali wamng'ono, bambo ake ankamukhazika pa boneti injini ikulira, kuti amve kugunda kwake m'mafupa.

Chaka china a Kholowa anadwala. Nthawi yokolola anagonekedwa kuchipatala, akazi awo ali pambali. Atatuluka, miyendo inali itawakana, ndipo anangokhala chigonere m'chipinda. Makiyi a galimoto anali atasungitsa mng'ono wawo, a Jailosi, popita kuchipatala kuja. A Jailosi anaifunditsa lona n'kuimanga ndi zingwe pansi pa mtengo wa mango, ati kuopa fumbi.

Dzuwa la chilimwe litafika poopsa, Maliseni analandira foni ali m'munda. Anali a Jailosi.

"Mwanawe, bwera. Bambo ako atisiya."

"Atisiya bwanji? Simunathamangire nawo kuchipatala?"

"Tinayesa, mwanawe. Njati inakana kulira. Tinawanyamula pa ngolo, koma anatsirizikira panjira, tisanafike pa tala."

Ulendo wonse Maliseni ankangoganiza za mawu amenewo. Galimoto imene inanyamula ana a anthu onse inakana mwini wake. Atafika pamaliro anaiona ili potero mu lona lake, ndipo anatembenuza nkhope. Akuluakulu anati katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka tsiku lometa. Iye sanafunenso kuikhudza. Pamaliropo a Jailosi ndiwo analira kuposa onse. Anadzigwetsa pansi pamanda, mpaka anyamata anachita kuwagwira.

Tsiku lometa, abale atakhala pa mphasa, a Jailosi anayankhula modekha.

"Chitsulo ichi chatichititsa manyazi. Pali munthu wa ku Limbe amene amakonda magalimoto akalekale. Akuti atenge ichi, atipatse kagalimoto kakang'ono, kosamwa mafuta. Maliseni azinyamulira anthu pakati pa msika ndi boma, alamu anga azidya. Kapena ndalakwa, abale?"

Onse anati sanalakwe.

Maliseni anapempha nthawi yoti aganize. Anayang'ana amayi ake, mutu wometa, mpango wakuda, nkhokwe itatsala pang'ono kuoneka pansi. Anaganiza za nzimbe, za mapewa ake osupuka. Kenako anaganiza za bambo ake akupukuta galasi la Njati ndi malaya awo a kutchalitchi. Mtima wina unkati, ndicho chokha chimene bambo anasiya chili ndi fungo lawo. Mtima wina unkati, chinawapha ndi chomwecho. Masiku anapita akulimbana nazo. Pomaliza mkwiyo unapambana. Anapita kwa a Jailosi n'kunena kuti, "Muitaneni munthu wanuyo. Ichoke, ndisaionenso."

Munthu wa ku Limbe anabwera m'mawa wina ndi lole, kagalimoto koyera kakutsatira pambuyo. Kanali kosalala, kolira ngati mphaka. Ana anakazungulira. Amayi a Maliseni anakagwira chitseko ndi nsonga za zala.

A Jailosi anali piringupiringu. "Musavule lona, fumbi lingalowe. Ingokankhani momwemo. Anyamata, tiyeni, mlendo ali ndi ulendo wautali."

Maliseni anaika phewa lake kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi anyamata atatu. Anakoka mpweya, pokumbukira kuti kale Njati ikathima pamafunika gulu la amuna kuti isunthe. Anakankha. Galimoto inangoyenda, mopepuka ngati ngolo yopanda katundu, mpaka iye anatsala pang'ono kugwa chafufumimba.

Anaima. Anapita kutsogolo. Mphuno ya Njati, imene masiku onse inkawerama pansi chifukwa cha kulemera, inali itayang'ana kumwamba.

"Taimani," anatero.

"Iwe, nthawi ikutha," anatero a Jailosi.

Maliseni anadula zingwe ndi mpeni, n'kukoka lona. Anapisa dzanja pansi pa boneti, pamene bambo ake anamuphunzitsa, n'kutsegula.

Munalibe kanthu. Anaona dothi. Anaona mawaya akulendewera ngati mitsitsi ya mtengo wozulidwa. Pakona panali chisa cha mavu, chachikulu, chouma, chimene eni ake anasamukamo kalekale.

Maliseni anayang'ana m'bowomo, n'kuyang'ana anthu, n'kuyang'ananso m'bowomo, ngati injini ibwerera akaphethira.

Munthu wa ku Limbe anasendera pafupi, akudabwa ndi kudabwa kwake.

"Achimwene, chavuta n'chiyani? Injinitu ili kwanga. Ndinatenga kale kwa bambo awa. Lero ndabwerera thupi lake."

"Munatenga liti?"

"Nthawi yokolola. Chimanga chinali pabwalo pompano. Tinaikoka ndi tcheni pa nthambi iyo."

Maliseni anakweza maso. Pa nthambi yaikulu ya mango panali bala, khungwa litasendeka mozungulira.

"Mwini wake anavomera?"

"Mwini wake?" Mlendoyo anayang'ana a Jailosi. "Anandiuza kuti mwini wake anamwalira. Ndinapepesa, ndinapereka ndi chipepeso chomwe."

Nthawi yokolola a Kholowa anali moyo. Anali kuchipatala, akudya phala, akufunsa aliyense wodzawaona ngati Njati ikulizidwa kuti batire isafe.

Amayi a Maliseni anakhala pansi pafumbi.

"Alamu," anatero kwa a Jailosi. "Tsiku lija ndinakuthamangirani. Munabwera ndi makiyi. Munakweza lona mbali imodzi, munalowa, munakhala pampando. Ndinakuonani mukupotokola kiyi. Munapotokola, n'kupotokolanso, mukupukusa mutu. Amuna anga ali pakhonde akubanika, akunena kuti, 'Pondaponda mafuta, Jailosi, imatero ikakhalitsa.' Inu n'kumaponda. Mumaponda chiyani, alamu? Ine ndinakugwadirani. Ndinati zikomo, mwayesetsa."

A Jailosi anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Kenako anakweza mutu.

"Tinkaona kuti sadzuka. Aliyense ankaona. Ndinali ndi mavuto anga, alamu. Ndipo sindinainyamule ndekha injiniyo."

Maliseni anayang'ana amuna amene anaima pabwalopo. Mmodzi anayamba kukanda khosi. Wina anatembenukira kuphiri. Anali omwewo amene anakumba manda a bambo ake. Anali omwewo amene anayenda pambali pa ngolo tsiku lija, akukwapula ng'ombe, akudziwa. Mmodzi mwa iwo, mkazi wake anachirira pampando wakumbuyo wa Njati.

Munthu wa ku Limbe anavula chipewa.

"Achimwene, izi ine sindinkadziwa. Injini sindingabweze, ili kale m'galimoto ina. Koma pangano lilipobe. Kagalimoto koyerako n'kanu. Thupi lopanda injini lidzakuthandizani chiyani? Lingochita dzimbiri."

"Tamvera, mwanawe," anatero a Jailosi, mawu atafewa. "Kukwiya sikuwadzutsa bambo ako. Amayi ako adya chiyani? Tenga makiyi, nkhani ithe. Zinazi tikambirana pachibale."

Apo Maliseni anamvetsa chifukwa chimene ankafulumirira. Njati ikakwera lole, bowo lija likwera nayo. Mudzi wonse udzapitiriza kunena kuti galimoto inakana. Iye mwini adzakalamba akutukwana chitsulo chimene sichinalakwe, akupatsa moni anthu amene anaika bambo ake m'manda nthawi isanakwane.

Anayang'ana kagalimoto koyera. Kanali kabwino. Kanali chakudya, sopo, malata atsopano. Anayang'ana amayi ake. Iwo sanamuuze chochita. Anangochotsa maso pa kagalimotoko n'kupukuta zala zawo pa chitenje.

Maliseni analowa m'nyumba, natuluka ndi sipanala ya bambo ake. Anamasula mabawuti a boneti mmodzimmodzi, anthu akuonerera. Anainyamula boneti ija n'kuiponya pambali. Kenako anapita kumbuyo kwa galimoto, nakankha yekha. Palibe amene anayerekeza kumuthandiza, ndipo sanafune thandizo. Njati inayenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo mpaka m'mphepete mwa njira yaikulu, imene anthu amadzera popita kumjigo, kumsika ndi kutchalitchi. Pamenepo anaiimika, bowo likuyang'ana njira, n'kuika miyala kumatayala.

"Bwana," anatero kwa mlendoyo, "tengani kagalimoto kanu. Iyi sichoka."

Lole inabwerera yopanda kanthu.

Maliseni sanabwerere ku nzimbe. Analima munda wa amayi ake ndi khasu, ndipo chaka chimenecho anadya kamodzi patsiku. Mvula inagwa m'bowo muja. Udzu unamera n'kutulukira pamwamba. Iye ankauzula kuti pansi pazioneka. Mlendo akaima n'kufunsa kuti injini ya galimoto yokongola chonchi inapita kuti, Maliseni ankaloza nyumba ya a Jailosi n'kunena kuti, "Kafunseni uko. Akakana, funsani nyumba iliyonse."

A Jailosi anatumiza akuluakulu kudzapempha kuti aifunditseko lona. Anakana. Lero a Jailosi popita kutchalitchi amazungulira kudambo, nsapato zili m'manja. Ena aja anatsegula kanjira katsopano kuseri kwa nkhokwe. Njira yaikulu yayamba kumera udzu.

Tsono inu amene mukumva izi, inu odziwa kulira pamaliro, odziwa nyimbo zonse za kumanda: munthu akagona pa mphasa akupumabe, manja anu amakhala ali pati? Mumalowa m'chipinda kudzamufunsa kuti wadzuka bwanji, maso ali pa njinga yake, pa mbuzi zake, pa malata ake. Mumamuika m'manda m'mitima mwanu iye akukupemphani madzi akumwa. Ndipo akapita mumati ndi matenda, ndi msewu, ndi galimoto inakana. Musamunamize mwana wamasiye, ndipo musamuuze kuti asinthanitse choona ndi chakudya. Tsiku lina adzaika phewa pa chimene munafunditsa lona, ndipo adzamva kuti chapepuka.