Chitsime cha pa Linga la M'chipululu

Kalekale, m'masiku amene Azungu ankagwira amuna a m'midzi kuti akhale amtengatenga pa nkhondo zawo, kunali mwamuna wa mfunda wa a Mbewe dzina lake Dzinkambani, mwana wa Nambewe, mphwake wa Mphadwe wa kumapiri a Dowa. Iyeyu pamodzi ndi anzake anawakweza sitima ya pamadzi nawapititsa kudziko la mchenga wokhawokha, kumene anakasenza katundu mpaka pa linga lakale lamiyala. Asilikali ankagona m'kati mwa lingalo, amtengatenga kunja m'matenti ong'ambika.

Sipanapite nthawi, chitsime cha pamalopo chinaphwa. Ngamira zimene zinapita kukatunga madzi sizinabwerere, ndipo anthu anayamba kufa ndi ludzu, oyamba kugwa kukhala amtengatenga.

Dzinkambani anali ndi kathumba ka ufa wamawere kamene mayi ake anam'mangirira m'chiuno ponyamuka. Anatsimikiza zothira nsembe kwa makolo. Koma nsembe timathira patsinde pa mtengo wa msolo, ndipo kumeneko kunalibe ngakhale chitsamba choti mbuzi n'kubudula. Atasowa pogwira, anagwada patsinde pa mzati wa tenti yawo, nsungwi imene anaisenza kuchokera kwawo.

Mnzake Kaphwiti, munthu wa pakamwa, anati, "Achimwene, mwapenga kodi? Ufa wotsiriza mukudyetsa mchenga! Mizimu ya ku Dowa iwoloka bwanji nyanja yonse ija?"

"Nsungwiyi inawoloka bwanji?" anayankha Dzinkambani. "Kupatsa n'kuika. Wombani m'manja basi."

Anathira ufawo akutchula makolo ake mmodzimmodzi. Asanamalize, panatuluka nyerere m'dziko limene munthu anali asanaonemo chokwawa chilichonse, ndipo zinatuta ufawo mumzere kukalowa nawo mumng'alu wa pansi pa khoma la linga. Amtengatenga anakumba pamenepo ndi mbale zodyera, ena ndi manja, mpaka madzi ozizira anatumphuka. Ambiri anapulumuka, ndipo Dzinkambani anabwerera kwawo nabereka Nasiwelo, amene anabereka agogo athu. Ife tonse tilipo chifukwa cha ufa wodzaza dzanja limodzi, ndipo sititopa kuthokoza.

Linga lija lilipobe. Lero alendo olemera amagona pamenepo m'matenti okhala ndi mabedi a wofuwofu, makapeti ndi mabafa, moti Kaphwiti atauka angaseke mpaka kugwa. Mdzukulutuvi wa Dzinkambani, mayi Tiyanjane, amene ndi dokotala, anakagonako masiku angapo. Iwo amati madzi osamba m'tenti yawo ankachokera m'chitsime chomwe chija, ndipo atafunsa woperekeza alendo dzina la chitsimecho, iye anati, "Timachitcha Sikomo. Si chilankhulo chathu, ndipo palibe akudziwa tanthauzo lake. Makolo athu ankati okumbawo ankangofuula mawu amenewa."

Mayi Tiyanjane anagwada pamchengapo, misozi ili mbwembwembwe, nawomba m'manja. Kenaka anamuuza munthuyo kuti mawuwo ndi zikomo.