Wandiotcha Ndani?

Pamphambano pomwe mabasi amatsitsira anthu panali lesitanti yogulitsa zakudya zonyamula: nkhuku yokazinga, tchipisi ndi msuzi wa m'kapu. Mwini wake anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene aliyense ankamutchula kuti a Pompopompo chifukwa liwu limenelo silinkachoka pakamwa pawo. Kasitomala akangoti "nkhuku", iwo ankafuna kuti asanatseke pakamwa chakudya chikhale chili m'manja. Pakauntala pankaima mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, ndipo kukhitchini kunali khukhi wachikulire wosalankhulalankhula.

A Pompopompo anali ndi lamulo limodzi losaphwanyika: poto ya msuzi isachoke pamoto. Inkabwata tsiku lonse, mafuta akuvina pamwamba, mpaka makasitomala ankaseka kuti msuzi wa pamenepo umagula lero n'kumwa mawa. Zinthu zinkayenda choncho mpaka pamene mwiniyo anabwera ndi makapu atsopano apulasitiki, otsika mtengo, opyapyala ngati khungu la anyezi.

"Alamu, makapu awa akumafewa msuzi ukangolowa," anatero mtsikana wa pakauntala uja. "Dzulo ina inandipindikira m'manja. Bwanji msuziwu uzipolako pang'ono tisanathire?"

"Kuno si kuchipatala kuti tizipereka zopola," anayankha a Pompopompo. "Kapu ilibe vuto, vuto ndi zala zanu zaulesizo. Muzigwira bwino."

Mtsikanayo anayang'ana khukhi, khukhi anayang'ana poto, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, mzere utafika pakhomo, kunabwera mayi wina wosoka zovala kuseri kwa msika. Anali telala wodziwika, amene manja awo ankadyetsa ana ndi makolo omwe. Analandira kapu ya msuzi ndi manja awiri monga mwa ulemu. Asanatembenuke n'komwe, kapuyo inafewa n'kupindika, chivindikiro n'kudumpha, ndipo msuzi wonse unakhuthukira m'zikhatho ndi pazala. Popeza unali wamafuta, unamatirira pakhungu ngati phula.

Chimene anthu anakhala akukumbukira n'chakuti mayiwo sanakuwe. Anangoima chilili, akuyang'ana manja awo pamene matuza ankatukumuka. Amene analira anali mtsikana wa pakauntala, akuthamanga ndi madzi ozizira. A Pompopompo anasuzumira kuchokera kukhitchini n'kunena kuti, "Pukutani pansipo, anthu angaterereke. Wotsatira."

Patapita masabata angapo, mayi telala anabweranso, manja onse atakulungidwa m'mabandeji oyera. Anakakhala patebulo la pakona, pansi pa fani, n'kutsamiritsa manjawo patebulopo, zikhatho zitaloza kumwamba. Sanaitanitse kanthu. Phokoso la m'lesitantimo linayamba kuchepa lokha, ngati wailesi imene wina akuitsitsa pang'onopang'ono.

A Pompopompo anapita pomwepo akupukuta manja pa epuloni. "Tikuthandizeni, mayi?"

"Sindinabwerere ndewu, bambo," anatero mayiwo motsitsa mawu. "Ndabwera kudzamva kuti wandiotcha ndani."

Mwiniyo anatembenuka, maso n'kugwera pa mlamu wake. "Amene anakupatsani kapu ndi uyu. Alamu, vulani epuloniyo, ntchito yatha. Mwaona, mayi? Kuno sitisekerera zibwana."

Mtsikanayo anatuluka misozi ili chuchuchu. Mayi telala anamuperekeza ndi maso mpaka pakhomo, kenako anapukusa mutu. "Si ameneyo."

Mawa lake, nthawi yomweyo ya masana, anali patebulo lomwelo ndi funso lomwelo. A Pompopompo anati wolakwa ndi khukhi, chifukwa ndiye amasonkheza moto. Khukhi sanadikire kuti amuchotse. Anakoleka chipande pamsomali, n'kutenga jekete lake, n'kutuluka osatsanzika.

"Si ameneyo," anatero mayiwo.

Mlandu unkaponyedwa uku ndi uku ngati khala lamoto. Tsiku lina unagwera wogulitsa makapu, tsiku lina opanga makapuwo, amene palibe ankadziwa ngakhale kumene ali. Mayiwo ankamvetsera mpaka mawu athe, kenako n'kuyankha chimodzimodzi. Makasitomala anayamba kudya chogwetsa nkhope, ena n'kumabwerera pakhomo akaona mabandeji oyerawo pakona paja.

Pamapeto pake a Pompopompo mtima unawaphulika. "Mukufuna kudziwa wakuotchani? Ndinu nomwe. Munafinya kapu ngati mukukama ng'ombe. Anthu angati amwa msuzi pano osapsa? Mwadziotcha nokha, mayi, ndipo musadzapondenso pano."

Mayi telala anadzuka, n'kukankha mpando ndi bondo kuti ubwerere m'malo mwake. "Ndamva," anatero. Anatuluka, ndipo sanabwerenso.

A Pompopompo anapumira m'mwamba poganiza kuti zatha. Koma tebulo la pakona lija linayamba kukana anthu. Munthu ankakhalapo, n'kuika zigongono, posakhalitsa n'kusamukira pena akudandaula kuti thabwalo likutentha, chonsecho dzuwa silinkafikapo ndipo fani inkazungulira pamwamba pake. Ngakhale ntchentche zinkalilambalala. Mwiniyo anakaikapo chikhatho n'kuseka. "Anthu mabodza. Tebulo lili zii ngati mwala wa mumtsinje."

Popeza antchito anali atatha, a Pompopompo ankaphika okha ndi kugulitsa okha. Ndipamene anayamba kudandaula kuti mbaula yafooka. Poto inkabwata mpaka kulavulira pansi, iwo n'kulawa msuzi n'kuti sunatenthe, n'kuwonjezera moto. Kunyumba zinali chimodzimodzi. M'mawa wina anakankha kapu ya tiyi mokwiya.

"Mwayamba liti kundipatsa tiyi wozizira?"

Akazi awo, amene chichotsedwere mng'ono wawo ankalankhula mawu owerengeka, anayang'ana nthunzi ikufuka m'kapumo. "Abambo, tiyi ameneyu ndangomuphula kumene. Taonani mlomo wanu."

A Pompopompo anakadziyang'ana pagalasi. Mlomo wam'mwamba unali utatupa, khungu litayera, koma iwo sankamva kalikonse.

Kuchipatala adokotala anawabaya zala ndi singano, ndipo anamva kuwawa. Anawagwiritsa madzi oundana, anamva kuzizira. Anawayeza magazi, anawayeza shuga, osapeza kanthu. Chimene chinawachokera chinali chimodzi chokha: kutentha sankakumva.

"Pitani kwa mayi aja," anatero akazi awo ali m'njira yobwerera. "Sakufuna zambiri. Akungofuna yankho la funso lawo."

"Ndikawayankhe chiyani? Ine ndinali kukhitchini. Kapu sindinaigwire n'komwe."

"Anagula makapuwo ndani? Anakana kuti msuzi uzipola ndani?"

"Inu mwayamba kuimira mng'ono wanu," anatero a Pompopompo, n'kufulumiza mwendo kuwasiya m'mbuyo.

Tsiku limene zinafika pachimake kunali anthu ambiri, chifukwa mabasi angapo anafika nthawi imodzi. A Pompopompo ankathamanga pakati pa kauntala ndi mbaula, akudzikalipira okha kuti pompopompo, pompopompo. Ali pakati pothira msuzi, chipande chinawapulumuka n'kumira m'poto. Mosaganiza anapisa dzanja lamanja mpaka pamkono, n'kufufuza pansi pa potoyo monga mmene munthu amafunira sopo m'beseni, n'kuchivuula. Anadzaza kapu, anaivindikira, n'kuipereka kwa bambo amene anali kutsogolo kwa mzere.

Bamboyo sanailandire. Anabwerera m'mbuyo, ndipo onse a pamzerepo anabwerera naye. M'lesitanti monse munangoti zii, kunkangomveka kubwata kwa poto.

"Tengani msanga, anthu akudikira," anatero a Pompopompo.

"Achimwene," anatero bamboyo monong'ona, "taonani dzanja lanu."

Anayang'ana. Khungu linali likusendeka lokha ngati la tomato woviikidwa m'madzi otentha, ndipo nthunzi inkafuka pakati pa zala. Anadikira ululu kuti ubwere, koma sunabwere. Chimenecho ndicho chinawaopsa kuposa chilondacho. Anakhala pansi pomwepo, akuyang'ana dzanja lawo ngati la munthu wina.

Kuchipatala manesi ankadabwa. Odwala ena akamatsukidwa zilonda zamoto ankamveka mpaka kunja, koma bambo ameneyu ankangoyang'ana kudenga. Chilondacho sichinkapola. Chinkangokhala chofiira ndi chonyowa ngati chapsa lero lomwe.

Atatuluka m'chipatala anauza akazi awo kuti, "Ndiperekezeni kuseri kwa msika."

Shopu ya mayi telala inali kachipinda kakang'ono kodzaza nsalu. Makina osokera anali ataphimbidwa, fumbi litayala pamwamba. Zovala zosamalizidwa zinkalendewera pakhoma, zina zopanda mikono, zina zopanda makolala, zitaima mondondozana ngati anthu odikira. Mayiwo anali atakhala pampando pafupi ndi khomo. Mabandeji anali atachoka, ndipo zala zinali zitakhwinyata n'kupindikira mkati, moti sizikanathanso kugwira singano.

"Mwabwera, bambo," anatero. "Khalani pansi."

A Pompopompo sanakhale. Anaima mutu uli pansi, mawu aakulu aja atawathawa. "Mayi, mlamu wanga anandichenjeza za makapu aja, ine ndinakana. Msuzi ndinalamula ndine kuti usapole. Si mtsikana uja, si khukhi, si inu." "Wakuotchani ndine."

Mawuwo asanathe n'komwe, moto unafika. Unayambira kunsonga za zala n'kukwera mkono, n'kudzafika pamlomo ndi palilime, ndi paliponse pamene anapsa m'masiku onse aja osamva. Ululu wonse umene unawadikira unawapeza nthawi imodzi. Anagwa chogwada pakati pa zidutswa za nsalu, ndipo kulira kwawo kunaimitsa malonda mumsika monse. Akazi awo anawagwira mapewa.

Mayi telala sanasekerere, komanso sanatembenuze nkhope. "Ine ndinkadziwa kuyambira tsiku loyamba," anatero kulirako kutachepa. "Ndinkangofuna kuti nanunso mudziwe. Tsopano chipola."

Chilondacho chinapoladi, koma dzanjalo linauma, ndipo silinagwirenso chipande. Lesitanti inatsekedwa. Zimene zinapezeka atagulitsa mbaula ndi mipando anazipereka kwa mayiwo kuti alere ana, ngakhale kuti zala sizigulidwa pamsika. Kwa mlamu wawo ndi kwa khukhi anapita okha kukapepesa. Mtsikanayo anawakhululukira, koma khukhi anangowamvetsera ali pakhomo n'kutseka chitseko.

Nkhaniyi inakhala m'kamwam'kamwa nthawi yaitali. Ena ankati matenda a mitsempha amatero, ena ankati mayi uja anawachita chipongwe bamboyo. Mmodzi wolimba mtima anakawafunsa mayiwo maso ndi maso ngati anachitapo kanthu. Mayi telala anangokweza manja awo opindikawo n'kufunsa kuti, "Ndi manja ati?"

A Pompopompo anayesa kuusenzetsa mlandu aliyense amene anali pafupi, wamng'ono ndi wamkulu, wodziwika ndi wosadziwika, mpaka wopsayo amene. Mlanduwo unkatsika pamutu pa aliyense wa iwo n'kupitiriza ulendo, chifukwa unkadziwa khomo limene unatulukira. Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini.