Kubiriwira kwa Kutsidya

M'nyumba ija, tebulo lodyera linali litaiwala kale ntchito yake. Anthu ankadyera mbale zili pamiyendo, chifukwa patebulopo panali kompyuta ndi mapu a mayi wa pakhomopo, amene ankachita maphunziro a digiri yapamwamba ya udokotala pa za nkhalango. Ankayeza mmene mitengo ikukulira pogwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa ndi setilaiti kuchokera kumwamba. Pomwe chithunzi chabiriwira kwambiri, ndiye kuti mitengo ikunenepa, ndipo pomwe chatuwa, zinthu sizili bwino.

Komatu ntchitoyi ili ndi lamulo lake. Wofufuza amayenera kukaponda yekha m'nkhalangomo, n'kuzunguliza tepi yoyezera pa mathunthu a mitengo, kuti aone ngati zapansi zikugwirizana ndi zakumwamba. Mayiyu anachitadi zimenezo m'zigawo zonse za kufupi ndi msewu, ndipo zinagwirizana bwino lomwe. Chinatsala chigawo cha kutsidya kwa mtsinje, chomwe pakompyuta chinkangoti biriwiri, dzinja ndi chilimwe chomwe.

"Kutsidya kuja mwafikako?" anafunsa pulofesa amene ankayang'anira kafukufukuyo.

"Apulofesa, msewu wake ndi matope okhaokha. Komanso taonani nokha kubiriwiraku. Pakufunikanso umboni wanji apa?"

"Ine ndiye ndanenatu, mayi," anatero mkuluyo uku akupukuta magalasi ake.

Mayiyu nzeru anali nazo, palibe angatsutse, koma akagwira mfundo ankakakamira ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Anamanga buku lonse la kafukufuku wake pa chigawo chimenecho, n'kulemba kuti ndicho chimabereka mitengo kuposa nkhalango yonse. Mwamuna wake anayamba kumutchula kuti Adokotala, ndipo achibale anali atasoketsa kale zovala za tsiku lolandira digiri.

Akatswiri oyesa bukulo analiyamikira, koma anapempha chinthu chimodzi asanamuitane kumayeso omaliza: miyeso ya mathunthu a kutsidya. Mayiyu ananyamuka monyinyirika, mwamuna wake akuyendetsa galimoto. Anaisiya pomwe msewu unathera, n'kuwoloka mtsinje nsapato zili m'manja.

M'nkhalangomo munali zii. Atakweza maso, mayiyu anaona kubiriwira kuja, koma masambawo sanali a mitengo ayi. Ziyangoyango zinali zitakwera mpaka kunsonga, n'kufunditsa mtengo uliwonse ngati bulangete. Anazunguliza tepi pa thunthu loyamba, khungwa lake n'kusendekera m'manja, chiswe chili yakaliyakali. Lachiwiri chimodzimodzi. Mitengo yomwe inali idakali moyo inali yonyozoloka, yosowa dzuwa. Setilaiti sinaname, inajambula zomwe inaona, koma inkaona masamba a zomera zomwe zinkapha nkhalangoyo.

"Amayi a ana, ndiye mitengo yonenepa ija ndi…" Mwamuna wake anameza mawu otsalawo ataona nkhope ya mkazi wake.

Mayiyu anakhala pa chipika, manja ali lende. Manyazi anamugwira, ndipo mtima unamupweteka kwambiri, chifukwa panalibe wina woti amuloze chala. Atabwerera pagalimoto, anaimbira foni pulofesa uja n'kufotokoza zonse osabisa kanthu.

"Ndiye kuti buku lonse lilembedwenso," anatero mkuluyo mofatsa. "Digiri ya chaka chino yakuphonyani, mayi. Koma zomwe mwaonazo mukaziyeze bwino, zili ndi phunziro lake."

Mayiyu anapukuta misozi, navulanso nsapato zake.

"Bambo, tsekani galimotoyo," anauza mwamuna wake. "Tiyeni tiwolokenso, mukandigwirire tepi."

Anzake amene anayamba nawo maphunziro anavala mikanjo yolandirira digiri chaka chomwecho, iye akadali kutsidya, kuyeza mitengo yakufa umodziumodzi. Akuluakulu sananame pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.