Chitsulo cha Benedicta

Mwana wanga Benedicta, amene tinamuika m'manda ku Guilleme dzinja la 2003, anali munthu woti akati apa, ndi pomwepo basi. Ndinamubala ndine, liuma lake ndikulidziwa.

Chaka cha 1995, nkhondo ya ku Mozambiki itazizira, anthu amene anathawira kwathu kuno anali atabwerera kwawo. A Enoki, amene anakhala nafe zaka zisanu ku Mavwere, anatulukira panjinga kudzapempha Benedicta kuti akaphunzitse tiana ta m'mudzi mwawo Chingerezi. Mwanayo anali ndi Fomu 2 koma ntchito njee, ankangotithandiza kusoka fodya m'chigafa. Anavomera singano ikadali m'manja.

Pomanga katundu ndinangoona mwanayo akukweza chitsulo cha gudumu la galimoto, chonga chija amaliza kusukulu.

"Iwe, chimenecho n'chachiyani?" ndinamufunsa.

"Amayi, sukulu yopanda belu ndi msika."

A Enoki anakanda m'mutu. "Aphunzitsi, chitsulocho kwathu kuja..."

"Bambo, inu mumadziwa za khasu, za sukulu ndisiyireni ine."

Mkulu uja anangomangirira katunduyo panjinga.

Zotsatirazi anandiuza Benedicta yekha. Tsiku loyamba anakoleka chitsulo chija mumtengo wa mango. Tiana tinali titayamba kufika, tosambasamba, mafuta ali phuliphuli. Iye anatenga mwala, ngwe! ngwe! ngwe! Mayo ine! Mudzi wonse unabalalika. Azimayi anasiya mitondo, ana kumsana, liwiro la kuthengo. Nthawi ya nkhondo, chitsulo chikalira kumeneko ndiye kuti amfuti afika. Malita, mayi wapakati, anagwera m'chigwembe n'kuthyoka mkono. Benedicta anatsala yekha pansi pa mango, choko kumanja.

Anthu pobwera kuthengoko anali atalusa. "Mmalawiyu azipita kwawo! Ana athu asapondenso pamenepo!"

A Enoki anamuitanira pambali. "Mwanawe, tsiku lomaliza kulira chitsulo m'mudzi muno pankhondo ija ndinataya mkazi wanga. Ndinkafuna ndikuuze, unanditseka pakamwa. Njinga ilipo, mawa ndikuperekeze."

"Sindipita, bambo. Ndalakwa kuno, ndikonza konkuno."

Liuma lomwe linamugwetsa lija ndi limene linamudzutsa. Chitsulo anakachipereka kwa wosula kuti asule makasu. Kenaka anapita kwa Malita, n'kugwada pakhomo.

"Mwabwera kudzandithyola winawu?" anatero Malita.

"Ndabwera kudzakhala mkono wanuwo mpaka upole."

Masabata asanu ndi limodzi mwana wanga anatunga madzi, kusinja, kuchapa matewera mwana atabadwa. Azimayi kudambo ankamuseka, "Madamu a belu, lero muliza mtondo?" Iye n'kumangosinja, musi uli m'manja. Sukulu inali chitsekere.

Tsiku lina akupeta anafunsa funso limene akanayamba nalo. "Amayi a mwana, kodi kuno ana mumawaitana bwanji?"

Malita anaseka mpaka misozi. "Mwafunsa lero? Kuomba m'manja ndi kanyimbo. Mwana sathawa nyimbo."

M'mawa mwake anaima pansi pa mango paja, Malita ali pambali, akuomba m'manja. Kunabwera tiana titatu, tikusuzumira mumtengo ngati chitsulo chija chilimobe. Anatiphunzitsa moni yekha, mwa nyimbo. Pofika nthawi yokumba mtedza anali ana makumi anayi, ndipo anawaphunzitsa zaka zisanu ndi ziwiri mpaka matenda atamubweza kwathu.

Pamaliro ake ana aja anadutsa malire wapansi, ataliatali kale. Anandigwadira n'kuti, "Gudumoningi, agogo," chonsecho dzuwa litapendeka. Ndinaseka ndikulira. A Enoki anandipatsa khasu limodzi la chitsulo chija, ndipo ndi limene ndimalambulira pamanda ake.

Ndikamalambula ndimakumbukira mawu ake ali pamphasa, akuseka ndi mphamvu zochepa zija: "Amayi, uchi unali pakamwa pa a Enoki, ine osafunsa." Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.