Mluzu wa Woweta Mbuzi

Panali bambo wina amene ankaweta mbuzi m'tsinde mwa phiri. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo anamusiyira mbuzi yamawanga imene malemuyo anailera yekha ndi phala, make ataifera. Tsiku lina fisi anaigwira mbuziyo kubusa, dzuwa likuswa mtengo. Bamboyo anangopeza nyanga ndi chingwe.

Sanalire pamaso pa anthu. Anakapeza agalu awiri, nawaphunzitsa kuti akamva mluzu wake azithamanga ndi kuluma.

Kuyambira pamenepo mluzu sunachoke pakamwa pake. Udzu ukagwedera, mluzu. Khwangwala akadutsa, mluzu. Agalu ankathamangira kutchire, osapezako kanthu, n'kubwerera ali wefuwefu, mluzu ukulirabe. Tsono galu woitanidwa kudzaluma sakhalitsa mano ali chabe. Anayamba kugwira chimene chinali pafupi.

Mbuzi zinayamba kufooka. Zinali ndi mabala m'ntchafu ndi m'mapewa. Zikagona zinkavutika kudzuka, ndipo phiri limene kale zinkakwera mosewera tsopano zinkangoliyang'ana. Bamboyo, amene maso ake sankachoka kutchire, anaganiza kuti fisi wayamba kulimba mtima. Anawonjezera mluzu.

Kenaka kunabwera mlongo wake kudzamuona. Anamuseka kuti wasanduka mbalame, munthu wamkulu kuimba tsiku lonse ngati pumbwa. Koma atalowa m'khola kuseka kunatha. Anagwada, nayeza bala limodzi ndi zala zake, nafunsa ngati fisiyo anaonekanso chichitikire zija. Bamboyo anati ayi.

"Achimwene," anatero mayiyo motsitsa mawu, "mano awa ndi a pakhomo pano."

M'mawa mwake bamboyo anatenga chibonga, natsogoza ziweto kubusa, ali ndi maganizo oti agaluwo asabwerere. Atawaitana anabwera akugwedeza michira. Anali ataonda, nthiti zikuwerengeka, maso ali psu chifukwa chosagona. Anakhala patsogolo pake, kudikira kuti awauze kumene mdani ali. Iye anaona kuti agaluwo sanalakwire lamulo lake ngakhale kamodzi. Anadziwanso kuti akawapha, fisi akadzabweradi adzapeza khola lopanda mlonda.

Nthawi yomweyo udzu unagwedera. Agalu anaimika makutu. Milomo ya bamboyo inasongoka yokha, monga inazolowera. Anaiphimba ndi dzanja.

Anakhala choncho, akukumbukira nyanga zija ndi chingwe. Agalu anayang'ana udzu, nayang'ana mbuye wawo. Patapita kanthawi galu wamkulu anagona pansi, naika chibwano pa miyendo yake. M'udzumo munatuluka nkhanga ndi anapiye ake.

Mbuzi zambiri zinachira pang'onopang'ono. Imodzi yokalamba sinakwerenso phiri, ndipo bamboyo ankaithyolera masamba tsiku ndi tsiku, n'kuwagwira m'manja kuti idye popanda kunyamula khosi.

Madokotala amanena za nthenda ina ya minofu imene imayenda motere. M'thupi muli asilikali otiteteza ku matenda, ndipo muli mfuu yowaitana, imene amaitcha intaferoni. Mfuuyo ikapanda kuleka, asilikali amatembenukira minofu ya mwini thupi, makamaka ya m'ntchafu ndi m'mapewa, mpaka munthu amalephera kudzuka pa mpando kapena kukweza mkono kuti apese tsitsi. Pochiza safuna kumaliza asilikaliwo, chifukwa adzafunikabe. Amafuna kuwatonthoza.

Inu amene munatayapo wokondedwa wanu, ndipo chitayireni mumalondera otsalawo ndi mtima wonse, palibe amene angakudzudzuleni. Mantha anu anabadwa m'chikondi. Koma mawu anu akathwa pa mwana wochedwa kufika pakhomo, kapena pa m'bale amene sanakuuzeni msanga kuti akutsokomola, imani kaye. Yang'anani bwino amene waima patsogolo panu. Nthawi zambiri ndi yemweyo amene mukuopa kumutaya.