Mphesa za Mpesa Wanthete

Kalekale, kumapiri kozizira, kunali mkulu wina, a Kadzamira, amene ankalima mphesa n'kumapanga vinyo. Chaka china moto wolusa unapsereza munda wonse. Chinatsala ndi chitsa chimodzi chokha, cha mpesa umene anadzala malemu akazi awo. Chitsacho chinaphuka, ndipo chaka chachiwiri chinatulutsa timaphava titatu. Apo n'kuti mkuluyo ali chigonere, matenda atawatha, atatsala mafupa okhaokha.

"Lekeleni mwana wanga," anauza mwana wawo wamkazi, "ndingolawako mphesa za mayi ako, kenako ndizipita."

Mtima wa Lekeleni unasweka, pakuti lamulo la m'mundamo ankalidziwa, ndipo analiika ndi bambo ake omwewo: mpesa wanthete suloledwa kubala, ukabala umatha mphamvu n'kuuma.

Mlongo wake wamkulu, Kambani, sanafunse munthu. Anatenga mpeni n'kudula timaphava tonse tidakali tating'ono. Lekeleni anamupeza ali khale pansi, misozi ili chuchuchu.

"Bambo akadakhala ali bwino akadadula okha," anatero Kambani. "Mpesawu ukafa, za amayi zathera pomwepo."

Lekeleni sanawauze bambo akewo. Nyengo yokolola itakwana, anayenda wapansi masiku awiri kukapempha mphesa kwa alimi a kuseri kwa phiri. Anabwerako mapazi atatupa, naziika m'mbale.

"Nazi, bambo, za amayi zija."

Bodza lamkunkhuniza limenelo, ndithu, koma ine sindimuponyera mwala. Mkuluyo anadya mphesa ziwiri n'kumwetulira, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Lekeleni anathawira kuseri kwa nyumba kukalira.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Patapita masiku atatu mkuluyo anayamba kukana chakudya. Anaitana mwana wawo wotsiriza, Sandifuna, bambo wa ana awiri, munthu wosadziwa kuzungulira polankhula.

"Ndaupha mpesa wa mayi ako ndi dyera langa. Wayamba kale kuuma, eti?"

Sandifuna anagwada. "Mpesa uli moyo, bambo, ndipo watambalala pa thandala lonse. Achimwene anadula timaphava tija. Mphesa munadyazo achemwali anakazipempha kwina."

Lekeleni anali pakhomo ndipo anamva zonse. Misozi ya a Kadzamira inayamba kutsikira m'makutu. Kaya inali misozi ya mpumulo kaya ya kuwawidwa, Lekeleni sanadziwe, ndipo mpaka ukalamba wake zimenezi zinkamudya mumtima.

"Mundawu," mkuluyo anatero pomaliza, "ausunge mwana amene sanandilakwire."

Dzina sanatchule. M'mawa mwake anatsikira kuli chete, mphesa za akazi awo osazilawa.

Tsopano nkhani ili m'manja mwanu, inu mwakhala apa. Wina anadula, wina ananama, wina anaulula. Mwa atatuwa, ndani amene sanawalakwire bambo ake?